Mbewu ya Bowa ya M'mabotolo a Mayonezi

Sendererani kuno kuseri kwa khoma, ana inu, mphepo ya lero ingakunyamuleni n'kukakutayani ku Table View. Tadala, foniyo uyigoneke chafufumimba, sithawa. Iwe Mphatso, dzulo ndinakukalipira utagwira botolo limodzi la m'kabati muja, ndipo wagona ndi mkwiyo, ndaona mmene wandipatsira moni. Mumtima ukuti botolo la mayonezi lodzaza mapira oyera mbuu n'chiyani kuti munthu wamkulu alichitire ukali. Ndikuuza. Amene mawu ena amudutsa akweze dzanja ngati kusukulu kwanu, ndibwereza, koma m'Chichewa chomwechi.

M'mabotolomo muli mbewu ya bowa. Mwaona, simunadabwe n'komwe, chifukwa munabadwira kuno kumene bowa amabwera m'kabokosi atavala pulasitiki. Ine ndili msinkhu wanu ku Ntcheu, munthu akanabwera n'kunena kuti ali ndi mbewu ya bowa, tikanamupatsa madzi akumwa n'kumufunsa ngati abale ake akudziwa kumene ali. Bowa sankadzalidwa, ankadzuka yekha. Mvula ikagwa masiku atatu, mabingu n'kugunda kuphiri, ine ndi alongo anga a Esinati tinkatenga dengu mame asanakamuke. Pachulu tinkapeza utale waukulu ngati chipewa, kunkhalango ndelema woterera uja, pansi pa misuku manyame ofiira. Aliyense anali ndi chulu chake chachinsinsi, ndipo a Esinati chawo sanandionetse mpaka lero. Wotsala tinkafutsa, kuyanika, n'kumanga chikwatu. Chikwatu simuchidziwa. Ndi masamba a msuku osokedwa ngati mpira, bowa wouma m'kati, n'kupachika kudenga kumene utsi umafika. Imeneyo ndiyo inali filiji yathu, ndipo inalibe nkhani ya kuzima kwa magetsi.

Mapira nawonso ndinakula nawo. Akayamba kucha, ntchito yanga inali kukhala pansanja m'munda kuyambira m'mawa, kukuwa ndi kuomba zitini kuti mpheta zisamalize. Mwina kulongolola kwangaku kunayambira pamenepo. Ndiye tangoganizani tsiku limene ndinalowa m'sitolo ya alimi kuno kukafunsa mapira, mayi wa pakauntala n'kundilozera shelefu ya chakudya cha mbalame. Ine ndinasasa nazo mawu kuzithamangitsa, kuno zikuchita kuguliridwa m'thumba. Koma ndadumpha, tibwerere.

Kuno ndinabwera pa basi. Mwanza, Tete kotentha ngati m'ng'anjo ya njerwa, Nyamapanda, Beitbridge, mpaka Joni, miyendo itatupa. Ku Joni ndinakwera ina, n'kuona dziko lopanda mtengo tsiku lathunthu, mpaka ndinafunsa mnzanga wa pampando ngati anthu akunowo amaphikira miyala. Agogo anu aakazi, Anachisale, ananditsatira patapita zaka ziwiri, atagwira Yamikani padzanja. Yamikani yemweyu, bambo ako Tadala, amalume ako Mphatso, amene lero amayenda ndi makiyi m'lamba. Mnyamatayo anafika kuno akulira kuti nsapato yatsala m'basi.

Ine ndinalowa ntchito ya m'magadeni ku Table View, Anachisale n'kuyamba kuluka tsitsi pakhomo pano pa Dunoon. Zaka zoposa makumi awiri ndinatchetcha kapinga, kudulira maluwa, kusesa masamba amene mphepo inkabweza ndisanaike tsache pansi. Nyengo za kuno zinandizunguza poyamba. Mvula kugwa mu Juni, munthu ukunjenjemera, pamene Disembala ndi dzuwa ndi mchenga m'mano. Koma ntchito ndinkaikonda, chifukwa m'gadeni umayankhula mmene ungafunire. Ndinkacheza ndi maluwa, ndi alonda, ndi odutsa mumsewu. Panali galu wina wa mzungu amene anafika pomamva Chichewa kuposa inu nonse awiri.

Tsiku lina ndinakwera makwerero kukadula nthambi imene inkakhula denga la nyumba ina. Kunali mphepo ngati ya leroyi. Eninyumba anati ndidikire mawa, ine ndinati mitengo ndinayamba kukwera iwo asanabadwe. Mawuwo ndinawamalizira pansi. Fupa la m'chiuno linathyoka, ndinagona m'chipatala, ndipo potuluka ndinali ndi ndodo ndi chitsulo m'thupi. Madokotala anati makwerero, khasu ndi wilibala ndiiwale.

Chaka chimenecho sindichikonda. Ndinkakhala pampando womwewu kuyambira m'mawa, kuonerera agogo anu akuluka mitu ya anthu, zala zawo zikutupa, ine osathandiza kanthu. Azimayi odzalukitsa anayamba kunong'ona akafuna kukamba zawo, chifukwa pakona panali mwamuna. Ndinali ngati kabati yakale imene anthu akusowa poiika.

Yamikani anabwera Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi. Anakhala apo pali Tadala, n'kuyamba kusisita mawondo.

"Ababa, ndayankhula ndi azakhali a Esinati. Akuti nyumba ija ilipo, angoikonza denga. Disembala ndikuperekezani, mukapumule kumudzi."

"Nanga amako?" ndinafunsa.

"Amayi atsale kaye, makasitomala awo ali kuno. Azibwera pa Khirisimasi. Kuno ndi kwa anthu amiyendo, ababa. Nanga moto ukabuka kuno, muthawa bwanji?"

Musamuone ngati woipa Yamikaniyo. Ananena zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka. Ndinayang'ana Anachisale kuti anenepo kanthu. Iwo anangoti, "Disembala ndi kutali," n'kupitiriza kumasula ulusi wa tsitsi. Umenewo unali mwezi wa Julayi. Iwe Tadala unali ukukwawa, iwe Mphatso unali usanaganiziridwe. Kupita kumudzi kunatanthauza kuti ndidzakuonani pa foni, ndi kuti mkazi amene ndakhala naye kuyambira ndili ndi tsitsi lonse ndizimuona kamodzi pachaka ngati ngumbi.

Loweruka lotsatira kunabwera Mai Tendai kudzalukitsa. Mukuwadziwa, aja amakupsinani masaya kutchalitchi. Amakhala ku Khayelitsha, mbali ina ya mzinda uno, koma anabadwira ku Harare. Bambo awo anachoka ku Mulanje kalekale kukagwira ntchito kumeneko osabwereranso, ndiye Chichewa chawo chimayenda chitabereka Chishona kumsana. Ine amanditcha Sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona. Atatha kulukitsa anatulutsa botolo m'chikwama n'kundiikira pamiyendo.

"Sekuru, mukudziwa ichi? Ndi mbewu ya howa."

"Ya chiyani?"

"Howa. Bowa, kunena kwanu. Ku Harare tinkalima kuseri kwa nyumba. Kuno ndimalima m'matumba a udzu, ndipo azimayi ena atatu ayamba nawo. Koma mbewu imativuta. Ine ndimagwira ntchito m'nyumba ya azungu masiku asanu, nthawi ndilibe. Imafuna munthu wokhala pansi."

"Okhala pansi ndiye mwawapeza," anatero Anachisale, osandiyang'ana.

Ndinaseka mpaka chitsulo cha m'chiuno chinandikumbutsa kuti chilipo. Koma botololo ndinalitembenuza m'manja. Munali mapira, njere iliyonse itakutidwa ndi ulusi woyera ngati thonje, ndipo pa chivindikiro pankamveka kafungo ka nkhalango ya kwathu mvula itangokata. Kafungo kameneko ndi kamene kanandigwira.

Tsono mvetserani mmene ntchitoyi imayendera, kuti tsiku lina musadzanene kuti agogo ankasunga zinyalala. Mapira umawatsuka kangapo, oyandama n'kutaya. Umawaviika kuyambira lero mpaka mawa. Kenako umawawiritsa pang'ono, osati ngati ukuphika phala ayi, kungoti njere ukaifinya ndi chikhadabo ilole, koma isaphulike. Ikaphulika, zonse zimamatana n'kusasa. Ukatero umakhetsa madzi n'kuyala mapirawo pansalu yoyera. Kwathu tikanayala pa lichero, koma lichero la agogo anu ndi lokongoletsera khoma tsopano, salola. Njere ziume kunja, m'kati zikhale ndi madzi. Ukaika pa pepala zisasiye chinyontho. Umawazako kalaimu pang'ono kuti zisagwirane, n'kuthira m'mabotolo, osadzaza, kusiya malo oti udzakhutchumule. Chivindikiro umachiboola pakati n'kutsekapo ndi thonje, chifukwa bowa amapuma ngati ine ndi iwe.

Mabotolowo amalowa mu poto wa pulesha, uja amachita mluzu mpaka Mphatso kuthawira panja. Amakhalamo ola ndi theka, kuti tizilombo tonse ta m'mapira tife. Mai Tendai anandibwereka poto wawo wakale. Akazizira mabotolo, pamabwera ntchito yeniyeni. Umatenga chibokosi cha pulasitiki choonekera m'kati, chokhala ndi mabowo awiri olowetsamo manja. Umapukuta zonse ndi sipiriti, bokosi, mabotolo, supuni, manja mpaka m'zigongono. Umatsekula botolo lokhwima, limene timalitcha mayi, n'kutapamo supuni imodzi kuika m'botolo latsopano, n'kutseka msanga. Basi. Ukatero umawaika pamdima pofunda, n'kudikira. Ulusi ukayera mbali ina umakhutchumula kuti ufalikire, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu botolo lonse limayera. Likayera ndiye mbewu, yokadzala m'matumba.

Ndinati, "Zimenezi basi? Ine ndamezanitsapo mitengo ya mandimu."

"Chinthu chimodzi chokha, Sekuru," anatero Mai Tendai. "Potsekula botolo, chitseko chitsekedwe, pakamwa pamangidwe nsalu, ndipo nyararai. Musayankhule. Mumpweya muli chuku, ndipo chuku chimathamanga kuposa howa."

Anachisale anatsokomola kachifuwa kamene analibe.

Ulendo woyamba ndinapanga mabotolo asanu ndi atatu. Ndili m'kati mwa ntchito, neba wathu wa Chixhosa anagogoda n'kunena, "Molo tata, unjani?" Tsono ndiuzeni, munthu woleredwa ku Ntcheu angamve moni n'kukhala duu? Ndinatsitsa nsalu, kutsekula chitseko, tinafunsana za mwendo, za ana, za mpira, manja anga akulowa ndi kutuluka m'bokosi. Patapita sabata mabotolo onse anali obiriwira ngati kapinga wa ku Table View. M'moyo wanga wonse wa m'gadeni sindinameretsepo chinthu chobiriwira bwino chotero.

Ulendo wachiwiri magetsi anazima poto atangoyamba mluzu. Ndinati watentha mokwanira. Mabotolo ananunkha ngati masese a mowa, mpaka kasitomala wina wa agogo anu anafunsa ngati tayamba kufulula. Tinagula kachitofu ka gasi. Ulendo wachitatu ndinaphika bwinobwino, koma kunabwera a diikoni kudzandizonda, ndipo mlendo wa Mulungu sungamusiye panja. Anakhala pambali panga kufunsa mafunso, ine n'kumafotokoza ngati mphunzitsi. Obiriwira, ena akuda.

Apo tinali titalowa Okutobala, mphepo itayamba. Yamikani anali atagula kale sutikesi yaikulu n'kuisiya kuseri kwa chitseko chathu. Tsiku lililonse ndinkaiona ikundidikira.

Mai Tendai anabweretsa mayi wina, botolo lokhwima, n'kunena, "Sekuru, uyu ndi womaliza, enawo ndadzala." Tsiku limenelo Anachisale ananditsekera m'nyumba ndi loko, n'kuika mpando wa kasitomala pakhomo penipeni. Aliyense wofuna kundipatsa moni ankamuuza kuti ndadwala pakhosi. Ndinali ndekha, mabotolo asanu ndi atatu, sipiriti, ndi bokosi. Koma ndikuuzani zoona, ana inu. Chete uja anandiopsa. Nsalu inkandiyabwa, ndinaitsitsa pang'ono, ndipo ndinapezeka ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi, mavesi onse, ndi besi yomwe.

Mabotolo ndinawaika m'katoni pansi pa bedi. Anachisale anati ndisamawasuzumire tsiku ndi tsiku, kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo katoniyo anaikankhira kukhoma kumene ndodo yanga sinkafika. Ankaitulutsa okha akamasesa, n'kundiuza kuti zikuyenda. Patapita masabata awiri ndi theka ndinapita kukiliniki kukaonetsa chiuno. Pobwera ndinapeza katoni ili patebulo.

"Taonani ntchito yanu," anatero.

Asanu anali obiriwira. Atatu anali oyera mbee, oyera ngati ufa wa pa mphasa. Ndinakhala pansi. Ndinatenga loyamba, kulinunkhiza pa thonje, kafungo ka nkhalango kaja. Lachiwiri chimodzimodzi. Nditatenga lachitatu, chala changa chinakhudza bowo la pa chivindikiro. Mabowo anga ndinkaboola ndi msomali wotentha, ankakhala okhotakhota, m'mbali mwakuda. Ili linali lozungulira bwino, losalala, loboola ndi makina. Mabowo otero ndinali nditawaona pa mabotolo a Mai Tendai okha.

Ndinayang'ana agogo anu. Anali atandifulatira, akutsuka zipeso m'beseni, kutsuka chipeso chimodzi chomwecho osachimaliza. Ndinamvetsa. Mayi ameneyu, ndi zala zake zotupa, anakwera mataxi awiri kupita ku Khayelitsha ndi awiri kubwerera, kukatenga botolo loti aonjezere pa anga awiri, kuti chiwerengero chioneke bwino pamaso pa mwana wathu. Pa Julayi paja anangoti Disembala ndi kutali, ine n'kumaganiza kuti mwina atopa nane. Kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinasowa mawu, ndipo ndinangobweza botololo m'katoni.

Lamlungu Yamikani anabwera kudzafunsa tsiku loti akagule matikiti. Amake anandandalika mabotolo atatu aja patebulo. Mai Tendai analiponso, monga mwangozi.

"Yamikani, iyi ndi mbewu ya bambo ako," anatero Anachisale. "Azimayi anayi akuidikira. Ukawatenga, azipanga ndani? Ine manja anga amakhala m'mafuta a tsitsi, sindingagwire."

"Koma amayi, mabotolo atatu okha?"

"Botolo limodzi limabala khumi, mwanangu," anatero Mai Tendai. "Atatuwa ndi makumi atatu mwezi wamawa. Sekuru ali ndi maoko abwino, manja kunena kwanu. Ukawachotsa kuno watipha tonse."

Yamikani anatembenukira kwa ine. "Ababa, inu mukuti bwanji? Mwangokhala chete, mukudwala?"

"Ndili ndi ntchito," ndinatero. "Sutikesiyo ukaikemo zovala za mwana."

Anatiyang'ana tonse atatu, n'kuseka, n'kunena kuti tiona pofika Isitala. Isitala imeneyo sinafikebe mpaka lero.

Ulendo wachisanu sanachite kunditsekera. Ndinadzitsekera ndekha, kumanga nsalu, n'kutenga botolo la bowo losalala lija kukhala mayi. Neba anagogoda, ine duu. Nyimbo inabwera pakhosi, ndinaimeza. Ndikangofuna kutsekula pakamwa ndinkaona agogo anu ali m'taxi, chikwama pamiyendo. Pa mabotolo khumi, asanu ndi anayi anayera. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikupanga mbewu, ndipo bowa wa oyisitala amene mumadya wotendera uja, amene Tadala amati ndi nkhuku, amachokera m'kabati muja. Neba anandikwiyira mwezi wathunthu, koma tsopano akaona nsalu yofiira pachitseko amadziwa, amangodutsa. Tsiku la mabotolo ndimakhala chete ola lathunthu, ndipo agogo anu amati ndi tsiku lawo la tchuthi.

Za bowo losalala sindinauze munthu zaka zonsezi. Ndinkati chikhale chinsinsi changa, iwo aziganiza kuti anandipusitsa. Koma mwezi wathawu tinali awiri pano, ine ndikusankha mapira, iwo akupaka mafuta m'zala, ndipo ndinaona kuti tonse takalamba, munthu sungapite nazo kumanda nkhani zabwino.

Ndinati, "Anachisale, botolo lija la Mai Tendai ndinaliona. Tsiku lomwelo ndinadziwa kuti anga anali awiri okha."

Anasiya kupaka mafuta, n'kundiyang'ana.

"Awiri ati?"

"Awiri oyera aja, a mabowo a msomali."

"Abambo a Yamikani," anatero, "ndinatenga mabotolo anu atatu opanda kanthu, ndi zivindikiro zake, kupita nawo kwa Mai Tendai kuti akapangiremo, musadzazindikire. Limodzi linasweka m'taxi, ndiye anaikapo lawo. Anu onse asanu ndi atatu anabiriwira sabata yoyamba. Munthu woimba besi m'bokosi, mumayembekezera chiyani? Ndinali pakhomo, ndinakumvani."

Ndinafunsa, "Nanga asanu ndi anayi a ulendo wotsatira aja?"

"Amenewo anali anu. Ine ndinali nditatopa nawo mataxi."

Ndiye Mphatso, mdzukulu wanga, ukafuna kuona botolo uzindiuza, ndikutulutsira ndekha, ulione ndi maso, manja kumbuyo. Ndipo iwe Tadala, nkhani imeneyi bambo ako saidziwa. Ukakawauza, ine ndikana, agogo ako aakazi akana, ndipo Mai Tendai adzayamba kumva Chishona chokha.